Julia, Cecilia, Emilia: mafunso anu pa mayina a akazi a ku Roma wakale

Makalata a ulendo uno akumana pa nkhani imodzi: akazi a m'mabanja otchuka a ku Roma wakale, ndi njira zomwe mayina awo anadutsa kuti atipeze lero. Mafunso ena tawafupikitsa.

Funso: Pokonzekera phunziro la Julius Caesar ndapeza kuti azakhali ake ndi Julia, alongo ake awiri ndi Julia, mwana wake wamkazinso ndi Julia. Kodi akusokoneza ndi olemba mabuku? — Mphunzitsi wa mbiri yakale

Yankho: Ayi aphunzitsi, mabuku sakunama. Onsewo analidi a Julia, ndipo sizinachitike mwangozi.

Mwamuna wa m'banja lapamwamba ku Roma ankakhala ndi mayina atatu. Loyamba, praenomen, linali lakelake: Gaius, Marcus, Lucius, Publius. Lachiwiri, nomen, linali la fuko lonse, lomwe eni ake ankalitcha gens. Lachitatu, cognomen, linkasonyeza nthambi ya fukolo. Ndiye Gaius Julius Caesar ndi Gaius, wa fuko la Julius, nthambi ya Caesar.

Mwana wamkazi, m'zaka mazana omaliza a nthawi ya Republic, yomwe Roma ankalamulidwa popanda mfumu, ankangolandira dzina lapakatilo, mathero ake atasinthidwa kuchoka pa -ius kukhala -ia. Mwana wamkazi wa Julius aliyense ndi Julia, wa Cornelius ndi Cornelia, wa Aemilius ndi Aemilia. Mwana wa Marcus Tullius Cicero anali Tullia. Kwa ife izi sizachilendo kwenikweni, pakuti tikamva mayi akuitanidwa kuti Naphiri kapena Nabanda timadziwa mfunda wawo ngakhale dzina lawo lobadwa nalo sitinalimve. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi wa ku Roma kawirikawiri analibe dzina lina kuseri kwa limenelo. Mwambo wotcha dzina unkachitika pa tsiku la 8 kwa mwana wamkazi ndi la 9 kwa wamwamuna, koma kwa wamkaziyo chosankha panalibe.

Ana aakazi akakhala awiri ankawasiyanitsa ndi mawu oti Maior, wamkulu, ndi Minor, wamng'ono. Akachuluka ankangowawerenga: Prima, Secunda, Tertia, Quarta. Marcus Antonius ndi Octavia anabereka ana aakazi awiri, onse a Antonia. Wamkulu ndiye agogo ake a Nero, wamng'ono ndiye mayi wa Mfumu Claudius. Musadzimvere chisoni mukawasokoneza, chifukwa ngakhale Tacitus, wolemba mbiri wa ku Roma komweko, anawasinthanitsa. Pakhomo ankagwiritsa ntchito mayina ochepetsa achikondi. M'makalata ake Cicero amatcha mwana wake Tulliola.

M'kalasi, musalole Julia kulembedwa yekha pa bolodi. Ikani pambali pake zinthu zitatu: bambo ake, mwamuna wake, ndi chaka chomwe anamwalira. Julia azakhali a Caesar anali mkazi wa Gaius Marius ndipo anamwalira cha m'ma 69 BC. Julia mwana wa Caesar anakwatiwa ndi Pompeius mu 59 BC, n'kumwalira pobereka mu 54 BC. Julia mwana wa Augustus anabadwa mu 39 BC, bambo ake anamuthamangitsira ku chilumba cha Pandateria mu 2 BC, ndipo anamwalira mu AD 14. Ana a sukulu amaphatikiza awiri omalizawa chifukwa Augustus nayenso ankatchedwa Caesar. Palinso funso lomwe ophunzira akuthwa adzakufunsani: bwanji mlongo wa Augustus ndi Octavia pomwe mwana wake ndi Julia? Augustus anabadwa ali Gaius Octavius. Analowa m'fuko la Julius kudzera mu wilo ya Caesar mu 44 BC, yekha, mlongo wake osalowa nawo.

Funso: Nanga mkazi akakwatiwa ankatenga dzina la mwamuna wake? — Wowerenga wathu

Yankho: Sankatenga. Terentia, mkazi wa Cicero, anakhalabe Terentia. Calpurnia, mkazi wa Caesar, sanasanduke Julia. Pakafunika kumusiyanitsa ndi anzake a dzina lomwelo, ankawonjezera dzina la mwamuna losonyeza umwini. Clodia Metelli ndi Clodia wa Metellus, ndipo zinkafunikadi, popeza alongo atatu a Publius Clodius onse anali a Clodia.

Dzina linkatsata malamulo a banja. Panali ukwati womwe mkazi ankachoka m'manja mwa bambo ake n'kulowa m'manja mwa mwamuna, wotchedwa cum manu, ndi wina womwe ankakhalabe pansi pa bambo ake, sine manu. Malamulo akale olembedwa cha m'ma 450 BC ankati mkazi akakhala ndi mwamuna chaka chathunthu chosadukiza walowa m'manja mwake, pokhapokha akamagona kwina usiku utatu wotsatizana chaka chilichonse. Pofika nthawi ya Cicero ukwati wa sine manu ndi womwe unafala. Mabanja olemera ankaukonda pa chifukwa chodziwikiratu: chuma cha mwana wawo sichinkasamukira ku fuko la mkamwini. Bambo akamwalira mkazi ankakhala ndi chuma chakechake, ngakhale kuti pa nkhani zina ankafunika chilolezo cha womuyang'anira, tutor. Malamulo a Augustus anachotsa woyang'anirayu kwa mfulu yobereka ana 3 ndi kwa kapolo womasulidwa wobereka ana 4.

Chotsatira chake, mayi ndi ana ake sankakhala ndi dzina limodzi. Onani Cornelia, mwana wa Publius Cornelius Scipio Africanus, yemwe anagonjetsa Hannibal ku Zama mu 202 BC. Anakwatiwa ndi Tiberius Sempronius Gracchus, anabereka ana 12, koma okula anali atatu: Tiberius, Gaius ndi Sempronia. Palibe mmodzi yemwe ananyamula dzina la Cornelius. Tsinde la chiboliboli chake likadalipo ku Capitoline Museums, ndipo lili ndi mawu oti CORNELIA AFRICANI F. GRACCHORVM. Mwalawo ukumutchula kudzera mwa bambo ake ndi ana ake aamuna, omwe onse awiri anafa pa ziwawa zandale, Tiberius mu 133 BC ndi Gaius mu 121 BC.

Chomwe chinkasintha dzina ndi kulowetsedwa m'fuko lina mwalamulo. Augustus atamwalira mu AD 14, wilo yake inalowetsa mkazi wake Livia m'fuko la Julius. Mayi wa zaka zopitirira 70 anayamba kutchedwa Julia Augusta, ndipo pa pepala anali mwana wa malemu mwamuna wake.

Mu nthawi ya mafumu lamuloli linamasuka. Akazi anayamba kukhala ndi mayina awiri kapena atatu, ena ochokera kuchikazi. Poppaea Sabina, mkazi wa Nero, bambo ake anali Titus Ollius, choncho akanayenera kukhala Ollia. Ollius anagwa pamodzi ndi Sejanus, mkulu wa asilikali olondera Mfumu Tiberius, ndipo mtsikanayo anatenga dzina la agogo ake a kuchikazi, Gaius Poppaeus Sabinus, omwe mbiri yawo inali yabwino. Mfumu Vespasianus nayenso dzina lomwe timamudziwa nalo linachokera kwa mayi ake, Vespasia Polla. La fuko la bambo ake ndi Flavius.

Funso: Munthu wopanda dzina lakelake ndiye kuti ndi wopanda pake. Kodi akaziwa analiko ndi mawu? — Mtsikana wa ku koleji

Yankho: Kuvota sankavota, udindo wa boma sankaugwira, zimenezo tisabise. Koma dzina la fuko linali chuma, ndipo mkazi ankalowa nalo m'nyumba ya mwamuna anthu onse akuliona. Munthu wokwatira Aemilia kapena Caecilia wakwatira mavoti ndi abwenzi a fuko lonse. Caesar ankazidziwa bwino izi. Pa maliro a azakhali ake Julia analankhula pabwalo kuti kuchikazi kwawo anachokera kwa mafumu, kudzera m'fuko la Marcius, ndipo kuchimuna anachokera kwa mulungu wamkazi Venus. Womwalirayo ankatamandidwa, koma wopindula anali mnyamata yemwe anali atangoyamba kumene ndale.

Mu 42 BC Octavianus (Augustus yemwe uja), Antonius ndi Lepidus analamula akazi olemera 1,400 kuti apereke ndalama za nkhondo yapachiweniweni. Hortensia, mwana wa katswiri wa milandu Quintus Hortensius, anawayankha pamaso pa anthu ku Forum, bwalo lalikulu la mzinda, akufunsa chifukwa chokhometsera msonkho anthu omwe salawa nawo maudindo. Chiwerengerocho chinatsitsidwa kufika pa 400.

Maliro a Junia Tertia mu AD 22 amaonetsa kulemera kwa dzina kuposa zonsezi. Iye anali mlongo wa Brutus ndi mkazi wa Cassius, omwe anapha Caesar. Anakhala ndi moyo zaka zoposa 60 awiriwo atafa, ndipo mu wilo yake anatchula akuluakulu ambiri koma Mfumu Tiberius anamusiya. Pa maliro pananyamulidwa zifaniziro za makolo a mabanja 20 otchuka. Za Brutus ndi Cassius sizinanyamulidwe, ndipo Tacitus akuti ndi zomwe anthu anaziona kwambiri chifukwa chosakhalapo.

Funso: Pa Aroma 16:15 pali Julia, pa 2 Timoteo 4:21 pali Claudia. Mlaliki wina anati amenewa anali ana a banja lachifumu omwe anatembenuka mtima. N'zoona? — Bambo wokonda Baibulo

Yankho: Bambo, dzina lokha silingatsimikize zimenezo, ndipo mpata waukulu uli kumbali inayo. Pofika nthawi ya Paulo, mwa a Julia ndi a Claudia onse oyenda m'misewu ya Roma, a magazi a mabanja aja anali ochepa zedi.

Kapolo akamasulidwa ankatenga nomen ya mbuye wake, dzina lake lakale n'kukhala lomaliza. Caenis, kapolo wa Antonia Minor, atamasulidwa anakhala Antonia Caenis, ndipo pambuyo pake anakhala limodzi ndi Vespasianus. Acte, wokondedwa wa Nero, anali Claudia Acte. Nyumba ya mfumu inkamasula akapolo ambirimbiri, ana awo n'kupitiriza dzinalo. Izi zinayamba kale: Sulla, wa fuko la Cornelius, anamasula akapolo oposa 10,000 nthawi imodzi, onse n'kukhala a Cornelius. Ichi n'chifukwa chake Cornelius wa pa Machitidwe 10 sitimuyesa mdzukulu wa Scipio.

Njira yachiwiri ndi unzika. Mlendo akapatsidwa unzika wa Roma ankatenga dzina la yemwe wamupatsa. Julia Domna, mkazi wa Mfumu Septimius Severus, anali wa ku Emesa m'dziko la Syria, wa banja la ansembe a kumeneko, wopanda ubale ndi Caesar. Mu AD 212 Caracalla, yemwe dzina lake la boma linali Marcus Aurelius Antoninus, anapereka unzika kwa pafupifupi mfulu zonse za mu ufumuwo, ndipo a Aurelius ndi a Aurelia anadzaza kuyambira ku Egypt mpaka ku Britain. Apa ndi pomwe nomen inayamba kutha ntchito, chifukwa dzina la aliyense silisiyanitsa munthu.

Palinso mafumu ang'onoang'ono omwe ankatcha ana awo mayina a ku nyumba ya mfumu posonyeza ubwenzi. Drusilla wa pa Machitidwe 24:24, mkazi wa Felix, anali Myuda, mwana wa Herod Agrippa I. Agrippa anali bwenzi la Mfumu Caligula ya ku Roma, ndipo mlongo wa Caligula wapamtima anali Drusilla.

Chizindikiro chothandiza n'chakuti nomen yachiroma ikatsatana ndi dzina lachigiriki, makamaka mu mzinda wa Roma momwemo, kawirikawiri mwini wake anali kapolo womasulidwa kapena mwana wake.

Funso: Ndaona chithunzi cha manda aakulu ozungulira pa msewu wa Via Appia, olembedwa kuti CAECILIAE Q. CRETICI F. METELLAE CRASSI. Mawu oterewa amawerengedwa bwanji munthu asanaphunzire Chilatini? — Wokonda zakale

Yankho: Mwasankha chitsanzo chabwino, chifukwa m'mawu ochepawo muli dongosolo lonse.

Yambani ndi mawu othera ndi -ae. Apa alipo awiri, CAECILIAE ndi METELLAE. Chotsani e womaliza mupeza mwini manda: Caecilia Metella. Mathero a -ae amatanthauza "kwa" kapena "a", ndiye kuti manda a Caecilia Metella, kapena omangidwira iyeyo. Caecilia ndi fuko, Metella ndi nthambi, ya a Metellus.

Kenako funani F. Ndi chidule cha filia, mwana wamkazi, ndipo mawu omwe ali patsogolo pake ndi dzina la bambo. Q. ndi Quintus. CRETICI ndi Creticus, ndipo mathero a -i akusonyeza umwini. Bamboyo ndi Quintus Caecilius Metellus Creticus, yemwe anali consul, mmodzi wa atsogoleri awiri a boma, mu 69 BC, ndipo dzina la Creticus analipata atagonjetsa chilumba cha Crete. Dzina lachimuna lotsala kumapeto, lotheranso ndi -i popanda F., ndi la mwamuna wake: CRASSI, wa Crassus. Liwu loti mkazi, uxor, nthawi zambiri sankalilemba n'komwe. Zonse pamodzi: Caecilia Metella, mwana wa Quintus Creticus, mkazi wa Crassus.

Mandawo anamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 100 zomaliza Yesu asanabadwe, ndipo m'mimba mwake ndi pafupifupi mamita 30. Cha m'ma 1300 banja la Caetani linawasandutsa linga, n'chifukwa chake pamwamba pake pali mano a khoma la nkhondo. Mabuku akale sanalembe chilichonse chomwe mayiyu anachita. Nyumba yonseyo ikulengeza mabanja awiri omwe anakumana mwa iye.

Pa miyala ing'onoing'ono mudzakumana ndi zidule zina. D.M. pamwamba ndi Dis Manibus, kupereka mandawo kwa mizimu ya akufa; anafala kuyambira zaka za m'ma 100 zoyamba za AD, choncho amathandiza kudziwa msinkhu wa mwala. VIX. ANN. kutsatana ndi nambala ndi zaka zomwe anakhala ndi moyo, ndipo M. ndi D. zikabwera pambuyo pake ndi miyezi ndi masiku. H.S.E. akutanthauza kuti wagona pano.

Misampha yake nayi. Zilembo J ndi U kunalibe, ndiye IVLIA ndi Julia ndipo CLAVDIA ndi Claudia. C. ndi Gaius ndipo CN. ndi Gnaeus, chifukwa kalekale chilembo C chinkagwiranso ntchito ya G. T. ndi Titus koma TI. ndi Tiberius, ndipo kuphonya kachilembo kamodzi kumapatsa mwana bambo wolakwika. F. ikakhala kumapeto kwenikweni, pambuyo pa dzina la womanga manda, imatha kukhala fecit, kutanthauza kuti ndiye anamanga. Chilembo L chimasokoneza kwambiri: L. F. ndi mwana wa Lucius, pomwe L. L. ndi kapolo womasulidwa ndi Lucius, popeza L wachiwiriyo ndi liberta. Chilembo chimodzi chikulekanitsa mfulu ndi yemwe anali kapolo.

Chosangalatsa kuposa zonse ndi C wotembenuzidwa, woyang'ana kumanzere, wotsatana ndi L. Ameneyu akusonyeza kuti womasula kapoloyo anali mkazi. Mbuye wamwamuna ankalembedwa ndi chidule cha praenomen yake, koma mkazi analibe praenomen yoti n'kufupikitsa. Osema miyala anangotenga C wa Gaius n'kumutembenuza kuti akhale Gaia, dzina loimira mkazi wina aliyense.

Funso: Kwaya yathu ndi ya Cecilia Woyera. Kodi iyeyu ndi wa banja lomwelo la Caecilia Metella? Nanga dzinali linapulumuka bwanji ufumu wa Roma utagwa? — Mayi woimba kwaya

Yankho: Mayi, dzina ndi lomwelo: Cecilia ndi Caecilia. Mbiri ya woyerayu, yomwe inalembedwa cha m'zaka za m'ma 400, imati anali namwali wa banja lapamwamba la ku Roma, wokwatitsidwa kwa Valerianus, ndipo anafera chikhulupiriro. Ambiri amaika imfa yake m'zaka za m'ma 200. Pakati pa iye ndi Caecilia Metella pali zaka zoposa 200, ndipo monga tafotokozera pamwambapa, pa nthawiyo dzina la fuko linali litafalikira kutali ndi magazi ake. Chomwe chimawalumikiza poyera ndi msewu: malo omwe amalemekezedwa ngati manda ake oyamba ali m'manda apansi a Callixtus, pa Via Appia yomweyo.

Papa Paschal I, yemwe analamulira kuyambira 817 mpaka 824, anasamutsira mafupa ake ku tchalitchi cha Santa Cecilia ku Trastevere. Manda anatsegulidwanso mu 1599, ndipo Stefano Maderno anasema chiboliboli chomuonetsa atagona chammbali, chomwe chili pansi pa guwa mpaka lero. Za nyimbo zinachokera pa chiganizo chimodzi cha mbiri ija, chonena kuti pa ukwati wake zoimbira zikulira, iye ankaimbira Mulungu mumtima. Ojambula a zaka za m'ma 1400 ndi 1500 anayamba kumuika pafupi ndi limba, ndipo oimba anamutenga kukhala nkhoswe yawo. Tsiku lake ndi 22 Novembala.

Dongosolo la mayina atatu linafa pang'onopang'ono, moti pofika zaka za m'ma 600 anthu ambiri ku Italy anali ndi dzina limodzi lokha, ndipo m'madera ambiri a ku Ulaya mayina a mitundu ya Chijeremani ndi omwe anatenga malo. Opulumuka anali omwe anapeza woyera wowanyamula. Cecilia ali ndi mwayi wapadera chifukwa amatchulidwa mu Pemphero loyamba la Ukaristia, pamodzi ndi Felicitas, Perpetua, Agatha, Lucia, Agnes ndi Anastasia. Dzina lomveka pa Misa kwa zaka mazanamazana silingatayike.

Akazi ena a mabanja enieni apamwamba analowa okha mu kalendala ya Mpingo. Paula, yemwe Jerome anati anachokera kwa a Scipio ndi a Gracchus, anasiya Roma n'kukamanga nyumba za amonke ku Bethlehem, komwe anamwalira mu 404. Fabiola, wa fuko la Fabius, anatsegula chipatala cha osauka ku Roma. Marcella anamwalira mu 410, asilikali a Alaric atamuzunza pofunkha mzinda. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1566 atalangiza kuti mwana wobatizidwa azipatsidwa dzina la woyera, mayinawa anayenda ndi amishonale kulikonse komwe anafika.

Khomo lachiwiri linali mabuku. M'zaka za m'ma 1400 anthu ophunzira ku Italy anabwerera kwa Livius ndi Plutarch, ndipo mabanja olemera anayamba kutcha ana awo mayina a akazi a m'nkhanizo. Lucrezia Borgia, wobadwa mu 1480, ananyamula dzina la Lucretia, yemwe imfa yake akuti inagwetsa mafumu a Roma mu 509 BC. Nthawi zina makomo awiriwa amasokonezeka. Cornelia ndi dzina lofala ku Netherlands, koma kumeneko linakula limodzi ndi Cornelis, chifukwa cha Papa Cornelius wa 251 mpaka 253, osati chifukwa cha mayi wa a Gracchus.

Funso: Pa mapu a Italy pali dera la Emilia-Romagna, ndipo ku Roma kuli Basilica Julia. Akazi amenewa anachita chiyani kuti malo atchedwe mayina awo? — Wophunzira za malo

Yankho: Apa ambiri amagwapo. Malo awiri onsewo anatchedwa polemekeza amuna. M'Chilatini mawu oti via, aqua, basilica ndi lex, kutanthauza msewu, madzi, nyumba ya milandu ndi lamulo, ali m'gulu la mawu achikazi, ndipo dzina lowafotokoza limayenera kugwirizana nawo. Marcus Aemilius Lepidus anamanga msewu wochokera ku Ariminum, lero Rimini, kukafika ku Placentia, lero Piacenza, mu 187 BC. Msewuwo unakhala Via Aemilia, ndipo dera lonse linatengera dzina la msewu. Basilica Julia anaiyamba ndi Julius Caesar, Augustus n'kuimaliza. Aqua Marcia ya 144 BC ndi ya Quintus Marcius Rex. Aqua Claudia, yomalizidwa mu AD 52, ndi ya Mfumu Claudius.

Poyesa, yang'anani mathero. Dzina lothera ndi -a likungogwirizana ndi chinthucho, ndipo kawirikawiri mwini wake ndi mwamuna. Lothera ndi -ae likunena kuti chinthucho ndi cha mkazi wakutiwakuti. Ku Roma kunali makonde awiri oyandikana omwe amaonetsa bwino kusiyanaku. Porticus Octavia inali ya Gnaeus Octavius, yemwe anatsogolera zombo za Roma polimbana ndi Perseus wa ku Macedonia mu 168 BC. Porticus Octaviae inali ya Octavia, mlongo wa Augustus. Yoyambayo inatheratu. Chipata cha yachiwiriyo chikadaimirira, anthu amachitcha Portico d'Ottavia, ndipo kwa zaka mazana ambiri panali msika wa nsomba. Livia nayenso anali ndi yake, Porticus Liviae, yotsegulidwa mu 7 BC.

Mizinda yotchedwa mayina a akazi inalipo ndithu. Traianus anatcha mzinda wina Marcianopolis polemekeza mlongo wake Marciana. Mabwinja ake ali ku Devnya m'dziko la Bulgaria. Kachisi wa Faustina ku Forum anamangidwa mu 141, dzina la mwamuna wake Antoninus Pius linawonjezedwa iye atamwalira mu 161, ndipo nyumbayo inapulumuka chifukwa inasanduka tchalitchi cha San Lorenzo in Miranda.

Nkhani ya Agrippina wamng'ono ndiyo yoseketsa. Anabadwira mu AD 15 m'tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, ndipo mu AD 50, ali mkazi wa Claudius, anaonetsetsa kuti tauniyo yakwezedwa. Inatchedwa Colonia Claudia Ara Agrippinensium. Dzinalo linali lalitali, anthu analidula, ndipo chomwe chinatsala ndi Colonia, lero Köln. Gawo la mayiyo ndi lomwe linagwa. Livia naye anatsala pang'ono kulowa mu kalendala: panali ganizo loti Okutobala atchedwe Livius, koma mwana wake Tiberius anakana.

Funso: Kodi lilipo banja lero lomwe linachokeradi kwa a Cornelius kapena a Fabius? — Wowerenga wathu

Yankho: Odzinenera alipo. Banja la Massimo ku Roma lakhala likunena kuti kholo lake ndi Fabius Maximus, yemwe analimbana ndi Hannibal. Koma palibe banja lomwe latha kuonetsa mzere wosadukiza wa mbadwo ndi mbadwo, chifukwa zolembedwa zimaduka kwa zaka mazana angapo ufumu wa kumadzulo utagwa, ndipo mayina a mabanja a ku Italy a lero anayambanso mwatsopano pambuyo pake.

Funso: Ndikuyembekezera mwana wamkazi. Ndimakonda Emily, Amelia, Olivia, Patricia ndi Claudia. Ndi ati ochokera ku mabanja a ku Roma? Mnzanga akuti Claudia ndi dzina la tsoka. — Mayi woyembekezera

Yankho: Mwa asanuwo, Mayi, a mafuko a ku Roma ndi awiri: Emily, wochokera kwa Aemilia, ndi Claudia. Onse ndi a mafuko akale kwambiri, a gulu lomwe linkatchedwa patricii. Amelia amamveka ngati Emilia koma muzu wake ndi wa Chijeremani, ndipo anthu anayamba kale kuwasakaniza: mwana wa Mfumu George II ya ku Britain anali Amelia koma ankaitanidwa Emily. Olivia si Livia wowonjezera chilembo. Ambiri amamulumikiza ndi mtengo wa azitona. Patricia ndi wa Chilatini ndithu, koma amanena za gulu la anthu apamwambalo, si dzina la fuko. Ena amabisala bwino: Valerie ndi Valeria, Gillian ndi Jill anachokera kwa Juliana, ndipo Sheila ndi Cecilia yemwe anadzera ku Ireland.

Mnzanuyo wawerenga kuti Claudius amafanana ndi liwu loti claudus, wotsimphina. Ndandanda zomwezo zimati Cecilia ndi wakhungu, Porcia ndi wa nkhumba, Fabia ndi wa nyemba. Mwina kholo lina lakalekale linalidi lotero, koma Mroma akamva kuti Claudia sankayang'ana miyendo. Ankamva fuko lomwe linamanga Via Appia mu 312 BC ndi kubereka mafumu. Musasiye dzina pa chifukwa chimenecho.

Dzina lomwe linafadi chifukwa cha mbiri ndi Messalina. Valeria Messalina, mkazi wa Claudius, anaphedwa mu AD 48, ndipo Senate, bwalo la akuluakulu a boma, inalamula kuti dzina lake ndi zifaniziro zake zichotsedwe ponseponse. Chomwe chinalimaliza si osema omwe anafufuta miyala, koma olemba omwe anamujambula ngati mkazi wachiwerewere, moti m'zilankhulo zingapo za ku Ulaya dzinalo linasanduka chipongwe. Theka lina la dzina lake, Valeria, silinakhudzidwe, chifukwa linali la anthu ambiri. Agrippina, yemwe mwana wake Nero anamupha mu AD 59, mbiri yake m'mabuku si yabwinonso, komabe dzina lake linapitirira. Kunali Agrippina wina, namwali wofera chikhulupiriro, yemwe amalemekezedwa ku Mineo pa chilumba cha Sicily ndi m'mipingo ya Orthodox. Kudzera mwa iyeyo dzinali linafika ku Russia, komwe linkabatizidwira ana mpaka posachedwapa. Mphunzitsi wotchuka wa gule wa ballet, Agrippina Vaganova, anabadwa mu 1879.